Madayisi a Nkanyiso

A Zwelakhe Ntombela anakhuthulira kathumba kaja m'mbale imene munali masikono, ndipo madayisi asanu ndi awiri anagubuduka, limodzi mpaka kukagwera pansi pa mpando.

"Ndifunsenso, mlamu. Zimenezi n'chiyani?"

MaShezi, mkazi wa malemu Nkanyiso, anali pa matiresi pakona ya chipinda, atafunda bulangete mpaka kumutu monga achitira namfedwa mwamuna wake asanaikidwe m'manda. Pambali pake pankayaka kandulo, ndipo jekete la malemuyo linali pomwepo, litapindidwa bwino. Anayankha osadzutsa nkhope.

"Ndanena kale, alamu. N'zamasewera. Loweruka lililonse ine ndikapita kuntchito, ankatengana ndi mwana kupita ku Pinetown kukasewera."

"Inuyo munakafikako?"

"Ayi."

"Juga nayonso amaitcha masewera."

Azakhali awiri amene anakhala chotsamira khoma anang'ung'udza movomereza. Iwowo nkhaniyi anali ataitafuna kukhitchini kuyambira Lolemba, moti pofika Lachitatu limenelo inali itasanduka phala.

Zimene zinkadziwika zinali zochepa. Nkanyiso, mng'ono wawo wa a Zwelakhe, munthu wokonza magetsi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, anagwa Loweruka masana ku Pinetown, mtima n'kuima, ambulansi kufika atatha kale. Achipatala anabweza foni, makiyi, chikwama, ndi kathumba ka nsalu kameneka. Madayisi akenso sanali ngati aja odziwika: lina linali losongoka ngati denga, lina la mbali zambirimbiri zoti munthu kuwerenga mpaka kutopa. A Zwelakhe anangoti juga ya m'tauni yapita patsogolo.

Tisafulumire kuwaweruza. Bambo awo anathera pa madayisi. Ankagwira ntchito padoko ku Durban, ndipo ng'ombe za kumudzi ku Eshowe zinatuluka m'khola imodziimodzi chifukwa cha dzanja la mkuluyo. M'khola mutatsala ndowe zokha, a Zwelakhe anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu kuti alere Nkanyiso, amene anali ndi zisanu ndi chimodzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tsono kupeza madayisi m'thumba la mwana amene anamulera okha kunali ngati kuuzidwa kuti zaka zonsezo ankatungira madzi m'dengu, ndipo zinkawapweteka kuposa imfa yeniyeniyo.

"Ndalamula kale," anatero ndi mawu awo aja amene amafika pamalo eni ake asanafike. "Tikaika maliro Loweruka, Ziyanda ndikupita naye ku Eshowe. Mwana wa kwa Ntombela sangakulire pa juga. Ngati mayi ake simunaone kumene ankapita naye zaka ziwiri zathunthu, ndiye kuti maso anu ali ndi ntchito zina."

Bulangete lija linangogwedezeka pang'ono. Wa pa matiresi satsutsana ndi mkulu wa banja.

Ziyanda, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anali ataima pakhomo, dzanja limodzi lili m'thumba la juzi, mmene linakhalira chimwalirire bambo ake.

"Bambo aakulu, si zandalama ayi. Zija timaponya kuti tidziwe ngati…"

"Ana salowerera za akulu. Pita panja."

Komatu panali ntchito imene akuluwo sakanaigwira popanda mwanayo. Munthu akafera kutali ndi kwawo, mzimu wake umatsala pamene anagwerapo mpaka abale akautenge ndi nthambi ya kankhande. Nthambiyo a Zwelakhe anali atabwera nayo kuchokera ku Eshowe. Chimene sankadziwa ndi malo ake enieni, ndipo m'nyumba yonseyo amene anaona pamene Nkanyiso anagwera anali Ziyanda yekha.

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi ya ku Pinetown, mkulu ndi mwana. A Zwelakhe anavala jekete lakutchalitchi, nthambi ataikulunga m'nyuzipepala. Ndodo yawo anaitenganso, poti kumalo a juga sudziwa chimene ukakumane nacho.

"Tamvera," anamuuza mwanayo m'njira. "Ndikangowanyamula bambo ako, sindilankhulanso ndi munthu wamoyo mpaka titafika kunyumba, ndipo sindicheuka. Pakamwa panga ukhala iweyo. Pobwerera ulipire mipando itatu."

"Itatu?"

"Nanga bambo ako akhala pamiyendo pa ndani?"

Iwo ankayembekezera chitseko chachitsulo kuseri kwa bala, utsi wa fodya ndi amuna a maso ofiira. Koma Ziyanda anakaima pa kasitolo kopanikizika pakati pa okonza matayala ndi ogulitsa makatani. Pawindo pankalendewera tindege pa ulusi, ndipo pansi pake kasitima kotalika ngati mkono kankazungulira phiri la katoni. Mwanayo anakankha chitseko ngati cha kwawo, kabelu n'kulira.

M'katimo munkanunkha guluu ndi penti. Mashelefu anadzaza mabokosi a zithunzi za asilikali ndi zinjoka zamapiko. A Zwelakhe anadziuza mumtima kuti mbava yochenjera imasesa pakhomo.

"Mwini wake ndani pano?"

Kuseri kwa kauntala kunatuluka bambo wamfupi wachimwenye, wa imvi, magalasi ena ali pamphuno ena ali pamutu. Ataona Ziyanda ananjuta, n'kugwira dzanja lake lija limene silinali m'thumba. Kenaka anaimirira.

"Ndine Moonsamy. Inu muyenera kuti ndinu a Zwelakhe."

"Mwandidziwira pati?"

"Mawuwo, bambo. Mng'ono wanu akafuna kulankhula ngati mfumu ya zimphona pa masewera athu, ankabwereka mawu anuwo. Ana ankathawira pansi pa tebulo."

Ziyanda anasekera m'mphuno, kuseka koyamba chiyambire Loweruka, kenaka n'kudzigwira pakamwa. A Zwelakhe sanaseke.

"Ndionetseni kuseri."

Kuseriko kunali chipinda chowala bwino cha matebulo anayi akuluakulu. Pa tebulo lina anaweramapo mzungu wokalamba, a Viljoen, amene anapuma ntchito ku njanji. Anali ndi tepi m'manja, akuyeza mtunda pakati pa timahatchi tiwiri tating'ono ngati chala. A Zwelakhe anakhuthulira madayisi aja patsogolo pawo.

"Tisatayitsane nthawi. Ndalama mumaika pati?"

Amuna awiriwo anayang'anizana.

"Ndalama zake ziti, bambo?"

"Wopambana amatenga chiyani?"

"Palibe," anayankha a Viljoen akuwongola msana pang'onopang'ono. "Koma wogonja amaphika tiyi. Mng'ono wanu, mzimu wake uuse mumtendere, anali katswiri wa tiyi. Ine zaka ziwiri sindinaigwireko ketulo."

"Akamasewera ndi ana ankagonja dala," anaonjezera a Moonsamy. "Akamasewera ndi gogo ameneyu m'pamene ankagonja zenizeni, chifukwa tepi yakeyo imatalika akatembenuka mnzake."

"Nsanje basi. Munthu wogonja sasowa chonena."

Ziyanda anali atatola kale kamsilikali, n'kukaimika m'mphepete mwa dzenje lojambula pa tebulopo. Apa panalibe womuuza kuti apite panja.

"Aka ndinu, bambo aakulu. Mukufuna kudumpha dzenjeli. Dayisi ili likagwera pa khumi kapena kupitirira, mwadumpha. Ponyani."

"Ndinalumbira pamaso pa agogo ako kuti dzanja langa silidzaponya chinthu chimenecho."

"Ndiye ndikuponyerani." Dayisi linagubuduka n'kuima. "Ziwiri. Mwagwera m'dzenje."

"Basi zatha?"

"Ayi. Mumadikira anzanu adzakuvuuleni."

A Zwelakhe anayang'ana kamsilikali kaja kali chagada m'dzenje. Anafunafuna chokalipira koma sanachipeze. Anayang'ana pansi pa matebulo, kuseri kwa ketulo, mpaka pachitseko cha kuchimbudzi, ndipo chimene anapezako ndi pepala lokumbutsa anthu kutsuka mabulashi akatha ntchito. Pajatu akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndodo ija inayamba kuwalemera m'manja, mpaka anaitsamiritsa pakhoma.

"Chilipo chimene muyenera kuona musanamutenge," anatero a Moonsamy.

Tebulo lakumapeto linali lofundidwa nsalu. Mwini sitoloyo anaivundukula mosamala, kuyambira pakona.

"Matebulo athu osewererapo timapanga tokha, mapiri, mitsinje, zonse. Ena amapanga maiko a m'mutu mwawo. Iye anati apanga kwawo."

A Zwelakhe anaima chilili. Phiri lake linali lomwe lija, la chipumi chophwanyika mbali ya kum'mawa. Nyumba zitatu zozungulira zaudzu zinali m'malo mwake, ya mayi awo ili ndi chitseko chobiriwira. Njira inkatsika kudutsa pa mkuyu kukafika ku mtsinje wa Mlalazi, umene Nkanyiso anaupanga ndi guluu wouma wowala ngati madzi enieni. Koma chimene chinawakhudza kwambiri ndi khola. Khola limene iwo ankalikumbukira lopanda kanthu linali lodzaza ng'ombe, iliyonse ndi maanga ake.

"Jamludi," ananong'ona akuloza ng'ombe yofiira yothyoka nyanga imodzi. Inali yomaliza kutuluka m'khola muja. "Mwana ameneyu anali wamng'ono. Anaikumbukira bwanji?"

"Ankati zonse anaziwerenga ali pamsana panu," anatero Ziyanda.

Zaka zonsezi a Zwelakhe ankamunena mng'ono wawo kuti tauni yamumeza, poti kumudzi ankangofikako pa Khirisimasi n'kugona masiku awiri. Si uyu apa, Loweruka lililonse ankakhala ku Eshowe, akubweza ng'ombe m'khola ndi kabulashi. Mkwiyo umene anali nawo kuyambira Lolemba unatha. Manyazi analipo, ochuluka ndithu, koma mpumulo unaposa. Mwana amene anamulera sanali bambo awo. Anatulutsa kansalu n'kumina mwamphamvu, moti a Viljoen anadzidzimuka.

Pakati pa mtsinje uja panali kabowo kakang'ono, ngati poyembekeza kuimikapo chinachake.

"Nanga apa?"

"Sanamalize," anatero a Moonsamy. "Ndi zimene ankapenta tsiku limenelo. Tinafunafuna pansi ponse, sitinazipeze."

Ziyanda anayang'ana kumbali, dzanja lili m'thumba.

A Zwelakhe anafunsa mmene zinakhalira, ndipo amuna awiriwo anawauza osabisa. Nkanyiso anali pa kampando, bulashi ili m'manja. Anati akumva kutentha pamtima, kenaka anatsetsereka n'kugwa chammbali, osafuula. A Viljoen anagwada ndi maondo awo okalambawo n'kumupsinja pachifuwa mpaka ambulansi inafika. Mkazi wa a Moonsamy anatulutsa mwana panja n'kukhala naye mpaka mayi ake atapezeka pa foni.

"Ndithokozeretu panopa," anatero a Zwelakhe, "chifukwa ndikagwada apo sindithanso kulankhula nanu. Ndinabwera ndi ndodo, mwaiona. Mundikhululukire. Maliro ali Loweruka ku Clermont. Mubwere, ndipo mukhale kutsogolo ndi abale."

"Tibwera tonse," anayankha a Moonsamy. "Sitolo titseka."

Ziyanda analoza pansi, pakati pa kampando ndi mwendo wa tebulo. A Moonsamy anazimitsa wailesi, a Viljoen n'kuvula chipewa. A Zwelakhe anavula nsapato, n'kugwada, n'kumasula nyuzipepala ija. Anakhudzitsa nthambi pansipo katatu, ndipo mawu aja oopsa ana anatuluka ang'onoang'ono.

"Nkanyiso, mwana wa mayi anga, ndine Zwelakhe mkulu wako. Ndabwera kudzakutenga. Pano si poipa, ndaona ndekha, koma si kwanu. Dzuka tizipita."

A Zwelakhe anadzuka, anavala nsapato, anatuluka osacheuka. Ndodo inatsala pakhoma pomwepo, ndipo palibe amene akanawakumbutsa.

"Tikutuluka pakhomo tsopano," ankaiuza nthambi ija. "Samala, pali chopondera. Tiwoloka msewu apa, dikira galimoto idutse."

Pokwerera minibasi Ziyanda anagwira ntchito yake ngati munthu wamkulu. Anapereka ndalama kutsogolo n'kunena kuti ndi za atatu. Mayi wina wa zikwama ziwiri anafuna kukhala pampando wopanda munthu uja, koma ataona nthambi ya minga itagonekedwa pamenepo anabwerera chambuyo n'kupepesa. Dalaivala anatsitsa nyimbo osauzidwa.

"Takwera, Nkanyiso. Mpando wako ndi wapawindo, monga unkakondera." Minibasi inatuluka m'tauni. Kenaka a Zwelakhe anayambiranso, motsitsa mawu. "Tikudutsa pa mafakitale. Ndinakunamizira, mng'ono wanga. Ndinaona madayisi n'kuona nkhope ya bambo, osafunsa. Mkazi wako anandiuza zoona, ine n'kumunyoza ali pa matiresi. Tikukhota apa, gwiritsa. Jamludi ndamuona, koma nyanga yothyoka inali yakumanzere, iwe waika kumanja. Zilibe kanthu."

Ziyanda ankayang'ana kutsogolo, makutu ali tcheru.

"Tikukwera chitunda cha ku Clermont. Mwana wako sindimuchotsa kwa mayi ake, wamva? Akhala pakhomo pako. Za masewera a Loweruka ndikambirana ndi Mmwenye uja, munthu womuperekeza sangasowe."

Mwanayo ankadziwa kuti mawuwo sanali ake. Anangosuntha pang'ono n'kutsamira mkono wa bambo ake aakulu. Atayandikira kwawo anakweza mawu kuuza dalaivala kuti atsika pa sitolo ya buledi.

Pakhomo anthu anapatuka kuwapatsa njira. A Zwelakhe analowa m'chipinda muja, anagwada, n'kugoneka nthambi pa jekete la malemu pafupi ndi kandulo.

"Wafika kwanu, Ntombela. Uyu ndi mkazi wako, awa ndi abale ako. Pumula."

Apo lilime lawo linamasuka, ndipo azakhali aja anasendera pafupi, makosi atatalika. MaShezi anali pansi pa bulangete, zala zokha zikuoneka, zitagwira m'mphepete mwake mwamphamvu.

"Mlamu," anatero a Zwelakhe akadali chigwadire. "Dzulo ndinalankhula pagulu, ndiye lero ndibwezanso pagulu. Ndinalakwa. Mwamuna wanu anali munthu woyera m'manja. Mwana akhala ndi inu."

Zala zija zinamasuka. MaShezi anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo, kenaka analira, kulira kumene anakhala akukumeza masiku onsewo poopa kuti ataya awiri m'sabata imodzi. Ziyanda analowa m'bulangete momwemo.

"Nanga juga ija, achimwene?" anafunsa mmodzi wa azakhali aja, mawu ake akumveka ngati wolandidwa kanthu.

"Iliko. Wogonja amaphika tiyi. Inu ndi ine tagonja, tsono kaikeni ketulo pamoto."

Dzuwa litapendeka a Zwelakhe anakhala pa chopondera cha kuseri kwa nyumba, kutali ndi amuna amene ankakhoma tenti kutsogolo. Miyendo inkawawawa, koma mumtima munali mopepuka. Ziyanda anabwera n'kukhala pambali pawo. Kwa nthawi yoyamba anatulutsa dzanja m'thumba la juzi.

"Ndinatola pansi anthu akuthamangathamanga. Ndimaopa kuti mundikalipira."

Pachikhatho pake panali kachidole kochepera chala chachikulu: mnyamata wamtali wa kabudula, atabereka kamwana kumsana, mwendo umodzi uli kutsogolo ngati akulimbana ndi madzi. Kamwanako kanali kasanapentedwe, kadakali kotuwa. Wamkuluyo anali atatha, kuyambira tsitsi mpaka zidendene.

A Zwelakhe analikumbukira tsikulo. Mlalazi unali utasefukira, Nkanyiso thupi likutentha, chipatala chili kutsidya. Pakati pa mtsinje waya waminga wokokoloka ndi madzi unawang'amba katumba ka mwendo. Anamanga ndi chisanza, n'kuvala thalauza la bambo awo mwezi wathunthu kuti mayi asaone. Sanauzepo munthu, ndipo ankakhulupirira kuti wodwalayo anali mtulo.

"Yang'anitsitsani apa," anatero Ziyanda. "Anapenta ndi bulashi ya tsitsi limodzi. Anati mwina eni ake munaiwala."

A Zwelakhe anakafikitsa kachidoleko pafupi ndi maso. Pa katumba ka mwendo wakumanzere panali kamzere kofiira, kopyapyala ngati ulusi, kokhota kumapeto.

A Zwelakhe anamubwezera mwanayo kachidoleko. Anawerama, n'kupinda thalauza lakutchalitchi lija pang'onopang'ono mpaka m'bondo. Ziyanda anagwada pansi, anaimika kachidoleko pafupi ndi chipsera chakalecho, n'kuyendetsa chala chake pamenepo mpaka pamene chinakhotera.